Kuwala kwa Malemu, Dzina la Mlamu

4 Febuluwale

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndipo chifuwa chija chinakusiya. Ine ndilipo, kupatula bondoli ndi makutuwa. Nkhani iyi usandiimbire foni. Ukudziwa kuti pa foni ndimangomva ngati munthu akulankhulira m'ndowa. Undilembere, kuti ndiziwerenga mobwereza.

Bambo ako aang'ono awabera bambo ako ali m'manda.

Ukukumbuka kuti titaika maliro anandipempha kiyi wa kachipinda ka kuseri, ati akonzemo kuti ndisamalire poona zinthu za malemu. Ndinawathokoza, chitsiru ine. Anatenga bokosi lija la magalasi ndi timachubu, anajambula makoma onse ndi foni yawo, kenako anabwera ndi wopaka penti. Zonse zimene bambo ako analemba pa makoma aja ndi choko ndi makala, kuyambira iwe uli ku pulayimale, zinakwiririka. Ine ndinkayesa chifundo.

Lolemba ndinapita kukagula mazipi ndi ulusi wa madiresi amene ndikusoka. Pa khomo la sitolo ya mabuku ndinaona chipepala chachikulu chokhala ndi nkhope yawo, tayi wofiira, dazi likung'anima. Pansi pake alemba kuti "Pulofesa". Ati alemba buku. Ati atulukira kuti danga lonseli, ngakhale pamene timati palibe kanthu, si losalala ayi, koma ndi tizipinda ting'onoting'ono tothithikana ngati chisa cha njuchi, ndipo kuwala si mafunde koma ndi timchenga todumpha kuchoka m'kachipinda aka kulowa aka. Ngakhale chisa cha njuchicho, mwana wanga! Mawu a bambo ako amene ndawamva patebulo, pochapa, mpaka pa bedi la kuchipatala.

Kuyambira pano sindimutchulanso mwaulemu. Munthu ameneyu ntchito yake ndi kugwira maikolofoni pa maukwati. Ndi yemweyu amene pa ukwati wa msuweni wako anati, "Achimwene anga afika, tsekani mawindo mchenga ungatilowe m'maso," holo yonse n'kufa ndi phwete. Dzina la Bambo Mchenga linabadwira pakamwa pake. Bambo ako atachotsedwa uphunzitsi chifukwa chophunzitsa ana maganizo awowo m'malo mwa silabasi, iyeyu ndiye ankazungulira kwa abale kuti tiwatengere kwa dokotala wa misala. Lero misala ija waiveka chikuto.

Iwe ndiwe unaphunzira za kuwala mpaka kunja. Lemba ku nyuzipepala kuti maganizo amenewa ndi a bambo ako, ndipo ulembenso kuti ndi oona. Ndalama usatumize, makina anga akadazungulira. Chimene ndikufuna n'chakuti munthu ameneyu agwe pagulu monga anagwetsera mbale wake.

Ndine mayi ako.


1 Malichi

Amayi,

Kalata yanu ndinailandira. Chifuwa chinatha, koma kuno kukuzizirabe, ndipo ku labu ntchito yachuluka. Tikuyesa tizingwe ta galasi tonyamula kuwala, ndiye ndimakhala tsiku lonse m'chipinda chopanda windo. Bondo lanu mukulipaka mankhwala aja? Nanga denga la kukhitchini analikonza?

Nkhani ya makoma yandipweteka. Ndinaphunzirira kuwerenga manambala pa makoma amenewo. Ndinkawagwirira abambo nyali akamakonza magalasi m'bokosi lija. Palibe angandiuze kuti maganizowo anali a wina.

Koma Amayi, taganizani bwino. Ndikalemba ku nyuzipepala, umboni wanga n'chiyani? Abambo sankakonda mapepala, zonse zinali pa khoma, ndipo zithunzi zili kwa bambo aang'ono. Anthu adzangoti mwana akuikira kumbuyo bambo ake, banja likulimbirana buku. Iwo pakamwa ali napo, adzasandutsa nkhaniyi nthabwala ya pa ukwati, ndipo wosekedwa adzakhala inu.

Pa zoti ndilembe kuti maganizowo ndi oona, mundilole ndisalembe. Nkhani za kuwala n'zovuta kuposa mmene zimaonekera, ndipo sindingazilongosole bwino m'kalata imodzi.

Ine ndikuti zisiyeni. Mabuku otere amatuluka ambiri, amachita fumbi pa shelefu n'kuiwalika. Musadzipweteke mtima chifukwa cha munthu wotero.

Mwana wanu.


20 Malichi

Mwana wanga,

Moni ndakupatsa chifukwa ndinakubala.

"Zisiyeni." Bambo ako anasiya ntchito, anasiya anzawo, anasiya kupita kumene kuli anthu. Tsopano asiyenso dzina? Unkawagwirira nyali, lero wazimitsa ndi iwe wemwe.

Ukuti lidzachita fumbi. Bwera udzaone fumbilo. Mlamu wangayo alankhula naye pa wailesi kawiri. Amayi amene ndimawasokera akundifunsa kuti, "Kodi alamu anu anzeru aja mumawaona?" Ndimangoluma ulusi. Loweruka lomaliza la Meyi akukhazikitsa bukulo mu holo ya ku koleji ya aphunzitsi, ndipo mlendo wolemekezeka ndi ahedi omwe aja amene anasainira kalata yochotsa bambo ako. Zimene anathamangitsira munthu ali moyo, akudzaziombera m'manja chifukwa zavala tayi.

Mkazi wa mlamuyo ndinakumana naye pogula sopo. Anandiuza akumwetulira kuti Pulofesa akulemberana ndi mwana wathu wa kunja. Ndiye ndamvetsa chifukwa chake nkhani za kuwala zavuta mwadzidzidzi. Ngati wakulonjeza kuika dzina lako m'buku lakelo, ingondiuza, ndidziwe kuti ndatsala ndekha. Koma kumbukira kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Ine ku holoko ndipita, ndi iwe kapena popanda iwe. Ngati ndilibe umboni ndikaima pakhomo ndi chithunzi cha mwamuna wanga.

Mayi ako.


2 Epulo

Wokondedwa mwana wanga, nyenyezi ya banja lathu,

Landira moni wochokera pansi pa mtima wa bambo ako aang'ono, pamodzi ndi mayi ako aang'ono ndi abale ako onse. Adiresi yako ndavutika nayo, n'chifukwa chake ndachedwa kukulembera. Tikunyadira kwambiri zimene ukuchita kumeneko.

Uyenera kuti wamva za buku langa. Dziko lalandira bwino, moti ena akuti zimene asayansi akhala akuphunzitsa zoti kuwala ndi mafunde zatha ntchito. Mafunde amafuna madzi, mwana wanga. Kumwambaku madzi ali kuti? Funso limeneli palibe wandiyankha.

Pempho langa ndi ili. Undilembere mawu oyamba a m'buku, tsamba limodzi lokha, ndipo pansi pake uike dzina lako ndi madigiri ako onse ndi dzina la kumene ukugwira ntchito. Tidzawamata m'kati mwa chikuto tsiku lokhazikitsa lisanafike. Magazi ndi magazi, tikwezane.

Ndikudziwa kuti pali zolankhulalankhula. Zoona zake n'zakuti maganizowa ndinkawauza malemu achimwene ndine, tikamacheza. Iwo, poti analibe ntchito, anali ndi nthawi yozilemba pa khoma, ngakhale ankazisokoneza chifukwa cha matenda awo aja. Sindinawaiwale ayi. Pa tsamba lothokoza ndalemba kuti, "Kwa mbale wanga wodwala, amene ankamvetsera."

Chomaliza, ndikudandaula za mayi ako. Chisoni chawasokoneza. Akumayankhula okha pa makina, akumayang'ana anthu ndi diso loipa. Zinthu zimenezi zikalowa m'nyumba sizituluka msanga. Ukavomera, ndiwaperekeza kwa dokotala amene ndikumudziwa, ndipo nyumbayo tidzaona woisamala.

Ndine bambo ako okukonda,
Pulofesa.


18 Epulo

Amayi,

Moni. Kalata iyi ndi kaphukusi ndapatsira mnzanga wa ku labu amene akubwera kumeneko kudzaona makolo ake. Mumulandire bwino.

Sindinagulidwe. Pamene mkazi wawo ankakuuzani zolemberana, anali asanandilembere n'komwe. Kalata yawo yafika dzana. Akufuna dzina langa m'buku lawo. Abambo awatchula kuti mbale wodwala amene ankamvetsera. Inuyo akufuna kukutengerani kwa dokotala wa misala, nyumba aone woisamala.

Munkafuna agwe pagulu. Agwa, ndipo muwagwetsa ndinu.

M'kaphukusimo muli katochi konga cholembera. Ndi ka leza, kamatulutsa kadontho kofiira. Musaloze nako munthu m'maso. Mulinso kakatoni koboola pakati ndi selotepi. Tsiku la bukulo muzule tsitsi limodzi m'mutu mwanu, mulikoke lidutse pakati pa bowolo, mulimate mbali zonse ziwiri.

Ikafika nthawi ya mafunso muimirire. Mufunse chonchi: "Pulofesa, ngati kuwala ndi timchenga basi, ndikaunika tsitsi limodzi ili, pa khoma paoneka chiyani?" Musawalole kuzungulira. Ayankhe anthu onse akumva. Adzati paoneka kadontho kokhala ndi kamthunzi kopyapyala pakati, chifukwa mchenga wogunda tsitsi uima, wina udutsa m'mbali. Alibe yankho lina. Akatero mupemphe azimitse magetsi, muime patali ndi khoma, muunike tsitsilo.

Zimene zidzaoneke pa khomalo buku lawo silingazifotokoze. Pa koleji sipalephera mphunzitsi wa sayansi, adzamaliza yekha ntchito yotsalayo.

Muyeserere kunyumba kaye kuti dzanja lizolowere. Ndipo kiyi wa nyumba musapatse munthu.

Mwana wanu.


6 Meyi

Amayi,

Ndikupemphera kuti kalata iyi ifike Loweruka lija lisanakwane. Ndayesa kuimba koma foni yanu yangokhala yozima.

Chonde musachite zimene ndinakuuzani. Ndinalemba nditapsa mtima ndipo sindinakuuzeni zonse.

Tsitsi lija silisankha munthu. Likagwetsa buku, ligwetsanso abambo, chifukwa maganizowo ndi amodzi. Kuwala kukadutsa tsitsi kumapanga mzere wa timadontho, kowala, kamdima, kowala, kamdima. Zimenezo zimachitika chifukwa kumayenda ngati mafunde amene amapindira mbali zonse ziwiri n'kukumananso, pena kuwonjezerana, pena kuzimitsana. Abambo ankalondola kuti kuwala kumafika ngati timbewu, asayansi amavomereza zimenezo. Za tizipinda ta danga, palibe amene watsimikiza kapena kutsutsa mpaka lero. Koma iwo anakana mafunde kotheratu, ndipo nyumba yawo yonse anaimanga pa kukanako. N'chifukwa chake sindinafune kulemba kuti ndi zoona.

Mukaunika, anthu adzaseka. Lero adzaseka bambo aang'ono, koma akadzadziwika mwini wake, adzaseka munthu amene sangathe kudziyankhira. Za nyumba tipeza njira ina. Katochiko kabiseni m'dilowa.

Mwana wanu.


9 Juni

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Ine ndili bwino kuposa mmene ndakhalira chimwalirire bambo ako. Ngakhale bondo likundimvera. Kalata yako yondiletsa inafika Lachitatu, zinthu zitachitika kale. Foni ndinaizimitsa dala chifukwa mkazi wa mlamu wanga ankangoimba kufunsa ngati ndikugona bwino.

Tamvera mmene zinayendera.

Ndinavala diresi labuluu lija limene bambo ako ankalikonda. Holo inadzaza. Kutsogolo anaika tebulo lansalu yoyera, mabuku ataunjikidwa, ndipo pambali pake bokosi la bambo ako, atalipukuta ndi polishi ngati nsapato. Ahedi aja analankhula kuti dziko lathu limapha anzeru ake posawamvera. Ndinayang'ana pansi kuti ndisalavule.

Kenako mlamu wanga. Pakamwa Mulungu anamupatsa, zimenezo sindikana. Anayenda uku ndi uku, anaseketsa anthu, anatulutsa chisa cha njuchi chenicheni m'thumba la pulasitiki. Atati mafunso, ndinaimirira. Anandiona, nati, "Alamu anga okondedwa, amene akadali pa chisoni. Tiwamvere modekha."

Ndinafunsa monga unandilembera. Anayamba za mbiri ya sayansi. Ndinati, "Pulofesa, ine ndi telala, ndafunsa za tsitsi. Pa khoma paoneka chiyani?" Ana a koleji anayamba kukuwa kuti ayankhe. Anati, "N'zophweka. Kadontho, ndi kamthunzi pakati." Ndinati ndizule lake kuti asadzati ndachita matsenga, kenako ndinayang'ana mutu wake n'kunena kuti, "Pepani, tigwiritsa langa." Holo inagwa ndi phwete.

Anazimitsa magetsi. Tsitsilo ndinalilunjika kamodzi n'kamodzi, ndazolowera kulowetsa ulusi pa singano. Pa khoma panatuluka mzere wa timadontho tofiira, kuchoka pakati kupita uku ndi uku, ngati msoko wa makina. Kamthunzi kake kaja kunalibe.

Mayi wina wachitsikana wophunzitsa sayansi pa kolejipo anaimirira n'kufotokoza zomwezo zimene zili m'kalata yako yochedwayi, za mafunde owonjezerana ndi ozimitsana. Anatsegula bukulo, anawerenga pamene pakuti mafunde kulibe, n'kunena kuti, "Ngati mutu uwu wagwa, mitu yotsatirayi yatsamira pa chiyani?"

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene unandipatsa. Usaganize kuti mayi ako ndi wogona. Mawu amene mayiyo ankawerenga ndinkawamva m'liwu la bambo ako. Ndinatsala pang'ono kukhala pansi.

Koma ndinayang'ana kutsogolo. Thukuta linali likutsika pa dazi lija mpaka pa tayi. Wa nyuzipepala anamufunsa kuti anapezera kuti upulofesa. Wina anafunsa ngati abweze mabuku. Ndiye anakweza manja n'kunena kuti, "Abale, mundimvetse. Maganizo amenewa kwenikweni si anga. Ndi a malemu achimwene. Ine ndinangowasonkhanitsa mwa chikondi."

Ananenera pambali, maikolofoni ataitsitsa. Ndinati, "Alamu, makutu angawa mukuwadziwa. Bwerezani pa chimkuzamawu." Anabwereza. Ndinati, "Onse, kapena mutu wagwawu wokha?" Anati onse. "Nanga chisa cha njuchi?" Anati n'cha achimwene. "Bokosilo?" La achimwene. "Wodwala uja ankamvetsera, anali ndani pa awirinu?" Pamenepo anaika maikolofoni pa tebulo.

Potuluka ahedi aja anandipeza pakhomo, ati, "Mayi, mwaona nokha kuti sitinalakwe kuwachotsa." Ndinawauza kuti, "Ndiye suti mwavalayi mwavalira chiyani? Munabwera kudzaombera m'manja zomwezo." Mkazi wawo anawakokera ku galimoto.

Zimene unkaopa zachitika. Nyuzipepala inalemba, ndipo dzina la Bambo Mchenga labwerera m'misewu. Ena akuseka. Dzulo pogula makala ndinamva wina akuti, "Ndi mkazi wa uja anagwetsedwa ndi tsitsi." Ndinalira nditafika kunyumba, sindikubisa. Koma ndinakwatiwa kwa mphezi, kung'anima sindikuopa. Anawaseka ali moyo, ndinali pambali pawo. Kusekedwa ndinakuzolowera. Chimene sindikanatha kupirira ndi kuona wina akudya ulemu pa thukuta lawo, iwo n'kusanduka wodwala womvetsera. Ngati analakwitsa, analakwitsa okha, ndi mutu wawo, pa khoma lawo. Cholakwacho n'chathu. Wina asachigwire.

Choncho usadzidye mtima. Kalata yako ikanafika nthawi yabwino ndikanaiwerenga, ndikanalira, kenako ndikanazula tsitsi. Mayi wa sayansi uja anabwera kuno Lolemba. Akuti funso la tizipinda ndi funso la anthu akuluakulu, ndipo akufuna kuona zithunzi za makoma. Iwe udzandilembere bwinobwino zimene bambo ako analondola, pa pepala lakelake, m'mawu oti ndingathe kuuza anthu pa msika.

Tsopano za mlamu wanga. Maukwati awiri amubweza, ati safuna Pulofesa wa tsitsi. Lachisanu anabwera ndi mkazi wake ndi akuluakulu awiri a banja, atanyamula bokosi, ati tikhululukirane, mabuku onse akawotche nkhani ithe. Ndinati bokosi alowetse m'kachipinda, zithunzi zonse atumize kwa ine ndi kwa iwe, koma buku ngakhale limodzi lisapse. Kuwotcha ndi penti ina. Ndinati adinditse timapepala ta dzina la bambo ako, amate pamwamba pa dzina lake pa chikuto chilichonse, ndipo tsamba lothokoza lija alithothole ndi dzanja lake. Akuluakulu aja anayang'anana, mmodzi anati mayiwa sakupempha zambiri.

Pamene ndikulemba pano ali pakhonde, makatoni atamuzungulira. Ndatsegula windo kuti ndizimuona ndili pa makina. Akamata mokhota ndimagogoda pa galasi, amamatula n'kuyambiranso. Mpando sindinamupatse.

Ndine mayi ako.